Jekete la Kuseri kwa Mpando

Sitata inagwira bwinobwino, injini n'kuyamba kuzungulira, koma osalira. Ndinasiya kiyi, n'kudikira pang'ono, n'kupotolanso. Chimodzimodzi. Ndinasuzumira pawindo kuyang'ana mpope wa utsi, ndipo panalibe ngakhale kautsi koti munthu n'kudzinamiza nako.

"Apongozi, lero si tsiku la matama," ndinatero.

Apongoziwo ndi chikatapila chathu chokumba mchenga mumtsinje wa Raraga, kumunsi kwa mlatho. Anachipatsa dzinali ndi Gervásio, amene ankachiyendetsa, ati chifukwa m'mawa uliwonse chimayamba chang'ung'udza kaye chisanagwire ntchito. Gervásio anaweruka Lachisanu akudandaula mutu ndi kutentha thupi, Lamlungu n'kumwalira kuchipatala ku Mocuba. Tsiku ndikunenali thupi lake linkapita kwawo ku Ile pa lole, ndipo msewu wa ku Ile umadutsa pamlatho womwewo.

Ife amumchenga tili ndi kachitidwe kathu. Woyendetsa makina akamwalira, makina ake amamutsanzika. Bokosi likamadutsa injini imakhala ikulira, mkono n'kukwera m'mwamba, kenako chidebe n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kugona pansi. Palibe wansembe amene anatiphunzitsa zimenezi, ndipo amene anaziyambitsa sindimudziwa. Tsiku lomwe tinachitira mnzathu wina wa kumtunda, Gervásio anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Mestre Calisto, zanga mudzachite ndinu. Anyamatawa adzagwetsa chidebe ngati akutaya zinyalala." Mestre ndi mmene amandiitanira poti ndine makanika wawo. Ndinamuuza kuti asiye zopusa, woyamba kupita ndine. Ndinkakhulupiriradi choncho.

N'chifukwa chake ndinalawira kuchoka kusiwa kutangocha, nditatenga kiyi wapadera kwa bwana. Ndinagwirizana ndi Tio Albano, malume ake a malemu, kuti ndikatha kutsitsa chidebe lole idzaima, ndikwere, tikamuike limodzi mnzangayo. Ena onse, opakira ndi madalaivala omwe, anatsala kusiwa. Mumtsinje munali ine, chikatapila, ndi nyenje zomwe zinkalira m'mitengo ya m'mbali. Pamalo pomwe masiku onse pamakhala phokoso loti munthu sumva ngakhale chifuwa chako, tsiku limenelo ndinkamva mchenga ukukhuthuka wokha m'mphepete mwa dzenje.

Injini ya dizilo si mfiti. Ikamazungulira koma osalira, pali chomwe ikusowa, ndipo utsi ndi umene umaulula. Utsi woyera ndiye kuti mafuta akufika koma sakupsa. Kukhala kopanda utsi ndiye kuti mafuta sakulowa n'komwe. Ndiye ndinayambira kuthanki, mtima uli kale pa mlonda wathu, amene dizilo wa bwana amamuona ngati munda wa amayi ake. Ndinathyola bango n'kulipisa m'thanki. Linatuluka lonyowa kupitirira theka, ndipo ndinamupepesa mlondayo chamumtima, pang'ono chabe.

Ndinatsegula kampopi ka pansi pa sefa n'kutchera botolo. Munalibe madzi, munalibe matope, mafuta oyera ngati a m'sitolo. Ndinamasula kabawuti kotulutsira mphepo n'kupopa ndi chala mpaka chala chinachita dzanzi. Mafuta anatuluka opanda thovu. Ndinachotsa sefa ya mphepo, n'kuigogoda pa tcheni, n'kuiyang'anitsa padzuwa. Inali yoti mwana n'kupumiramo. Gervásio makina ake ankawasamala kuposa mmene ankasamalira mano ake.

Makina akale bwenzi nditamasula paipi ya pamwamba kuti ndione ngati mafuta akulavula. Atsopanowa ayi, mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo chilichonse chimayamba chapempha chilolezo kwa kabokosi ka kompyuta kobisika kuseri kwa chitsulo. Ndimadana nako kabokosi kameneko. Munthu wakalamba ndi sipanala m'manja, lero azikagwadira kanthu kosalankhula. Komabe ndinatsegula mafyuzi onse, limodzilimodzi, ndipo onse anali amoyo.

Ntchito iyi ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pa kiyi, wina mutu uli mu injini, khutu lili tcheru. Zaka zonsezi wa pa kiyi anali Gervásio, ndipo sankapotola chete ayi, ankapotola akundinena. "Mestre, mwapeza kapena ndiitane sing'anga?" Tsiku limenelo ndinali ndekha, kukwera kukapotola, kutsika kukayang'ana, pofika pansi injini yaima kale, zomwe ndimafuna kumva zapita. Ulendo wina nditagona chamimba pamwamba pa injini, dzanja lili pa waya, ndinangomva pakamwa panga pakufuula kuti, "Potola!" Mawuwo anakagunda kutsidya n'kubwerera. Ndinakhala chigonere pomwepo kanthawi, tsaya lili pa chitsulo chotentha, ndipo ndinachita manyazi ngakhale panalibe wondiona.

Pamene dzuwa linkafika pamutu, mabatire anali atayamba kulefuka. Ndinkamva ndi khutu kuti injini ikuzungulira mokoka miyendo. Panalibe galimoto ina yoti n'kubwerekako moto, malole athu onse anali kumaliro. Ndinadziletsa kugwiranso kiyi mpaka nditadziwa chenicheni, poti kupotola mwaukali n'kumene kumapha mabatire, ndipo ukali ndinali nawo wambiri. Ndinakwiyira bwana amene anagula makina anzeru kuposa eni ake, ndinakwiyira dzuwa, ndinakwiyira ndi malemu yemwe. Munthu wanji wopempha chinthu kenako n'kusiya makina akufa?

Ndinakakhala pamthunzi wa chikatapilacho, pamalo pomwe tinkadyera. Dona Belmira, mkazi wa Gervásio, ankamuikira chakudya cha anthu awiri tsiku lililonse, mukapata wa mpunga ndi kokonati, nthawi zina chinangwa ndi nsomba zouma, ndipo sanandiuzepo kuti chinacho n'changa. Gervásio ankangotsegula mbale n'kunena kuti, "Mkazi uyu akufuna kundiphulitsa. Tandithandizani, Mestre." Ndinamuthandiza choncho zaka zambiri, chimwalirireni mkazi wanga Odete. Tsiku limenelo ndinali ndi buledi wa dzulo m'thumba. Ndinaluma kamodzi, n'kumubwezera momwemo.

Nditakweranso m'chipinda choyendetsera, ndinaganiza zopotola kamodzi kokha, maso ali pa mawotchi. M'mawa wonse ndinali ndikuyang'ana panja, ku mpope wa utsi, ngati munthu wodikira alendo. Ndinapotola. Injini inazungulira, koma kamuvi kosonyeza liwiro lake kanangogona pansi osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinasiya kiyi msanga. Injini ikuzungulira, koma kabokosi kaja sikakudziwa kuti ikuzungulira, ndiye kangatsegule bwanji mafuta? Pali kachitsulo konga chala, kolowa m'mbali mwa injini, komwe ntchito yake ndi kukauza kabokosiko zimenezo. Ndinatsika mothamanga mpaka bondo linalira.

Ndinakwawira kunsi, ndipo ndinapeza waya wake ali lende, atamangidwa bwinobwino ndi kamphira kuti asakhudze mchenga. Kachitsuloko panalibe. Pabowo pake panali chitsononkho cha chimanga, chosemedwa ndi mpeni mwaluso, chotsekera kuti fumbi lisalowe.

Ndinaseka. Ndinaseka ndili chagada pamchenga mpaka misozi inalowa m'makutu, ndipo pamene kusekako kunasanduka chinthu china sindinadziwe. Woyendetsa aliyense mumtsinje muno ali ndi chinsinsi chake, chifukwa usiku akuba amabwera ndi makiyi awo, n'kuliza makina, n'kudzaza malole awo mchenga ndi mafuta a eni ake. Wina amabisa kampopi, wina amasolola fyuzi. Chinsinsicho sauza munthu, ngakhale makanika, ngakhale mkazi wake. Ndinadya mbale imodzi ndi Gervásio zaka zonsezo osadziwa kuti madzulo aliwonse amakwawira kunsi kuno ndi sipanala. Ndiye Lachisanu lija, mutu ukumung'amba, thupi likunjenjemera, anakwawabe.

Ndinafufuza m'bokosi la zitsulo, kunsi kwa mpando, m'chitini chake cha shuga, pansi pa mwala womwe ankakhalira. Ndinkafufuza konseko ndikudziwa kale komwe sindinayang'ane. Kuseri kwa mpando kunali jekete lake la ntchito, lofiirira ndi dothi, lokolekedwa pa msomali. Ndinali nditaliona chilowereni m'mawa, ndipo nthawi iliyonse ndikakhala pampando ndinkapendeketsa phewa kuti ndisalikhudze. Ndinawerama n'kuliyang'ana osaligwira. Thumba la pachifuwa linali lotseka ndi zipi, ndipo munali chinthu chotumphuka, kutalika kwake ngati chala.

Kwathu kuno chovala chomwe chamwa thukuta la munthu sichigwiridwa iye akamwalira, mpaka ataikidwa, abale atameta, malume atabwera ndi madzi a mankhwala kudzawaza. Mpando ndi wa bwana, kiyi ndi wa bwana, koma jekete ndi munthuyo. Woligwira nthawi isanakwane wasenza imfa. Salowa pakati pa olira, sapatsidwa moni wa dzanja, sadya ndi anzake mpaka akulu atamusambitsa, chifukwa imfayo imatsikira kwa amene wayandikana nawo, makamaka a m'nyumba mwake. Ine ndine wa mpingo, ndimalandira ndi mgonero womwe, koma zimenezi sindinaziyesepo, ndipo sindidziwa wa mpingo amene anaziyesa.

Foni mumtsinje sigwira, ndiye ndinakwera pamlatho n'kuimbira Tio Albano. Anayankha mofuula, kumbuyo kwawo kukumveka nyimbo ya amayi ndi kulira kwa lole.

"Mestre! Tanyamuka kalekale ife. Chilombo chanucho chadzuka?"

"Chakana, Tio. Mphwanu anachotsa kachitsulo ka injini. Kali m'thumba la jekete lake."

Tio Albano anati, "Musaligwire."

"Ndiye mukafika mutsike, mukatulutse ndinu. Mwini wake wa munthuyu ndinu."

"Ine? Asanalowe m'manda? Mwayamba kumwa m'mawa, Mestre? Ndili ndi zidzukulu ine, china chili kumsana kwa amake m'lole momwe muno. Ndipo maliro saima panjira kudikira makanika, dzuwa ili mukuliona nokha. Hutala ikulira?"

"Ikulira."

"Basi, imbani hutalayo. Amva."

"Hutala, Tio? Ngati minibasi yoitanira anthu a ku Quelimane?"

"Nanga mukufuna mutani? Munthu wamkulu ngati inu, musatipatse ntchito ina pamwamba pa ntchito. Dikirani, mlamu wanu akufuna alankhule."

Mawu a Dona Belmira anali atasasa, moti ndinachita kutseka khutu linalo. "Mestre, musadzivute. Zakanika, zakanika. Mwini wakeyo akudziwa kuti mwayesa, si uja anabisa yekha? Ngakhale ine sanandiuzepo. Malo anu takusungirani, pafupi ndi mutu wake. Anthu amafuna kukhalapo, ndawakaniza. Njira ndi yaitali, mukhale naye ndinu."

Ndinavomera, foni n'kuduka. Ndinaima pamlathopo ndikuyang'ana Apongozi pansipo, mkono uli chopinda, chidebe chili m'malere momwe anachisiyira. Ndinkafuna malo amenewo. Ndinkafuna kukhala pambali pake ulendo wonse wa ku Ile, dzanja lili pabokosi pokwera zitunda, ndikathireko dothi, ndikaone kumene agone. Padziko pano panalibe munthu wina amene ndinkafuna kumuperekeza choncho.

Nditabwerera m'chipinda chija ndinatenga pulayala yaitali. Ndinaganiza kuti chitsulo chikagwira zipi ndiye kuti ine sindinagwire. Ndinafikitsa pulayalayo pafupi ndi thumba, n'kuima. Kodi ndinkanamiza ndani? Tio Albano akanandifunsa, ndipo kunama pamaso pa bokosi sindikanatha. Komanso zinandinyansa. Pulayala timatolera khoswe wofera m'bokosi la zitsulo. Mnzanga amene ankandigawira chakudya chake sindikanamupisa m'thumba ndi pulayala.

Ndinakhala pampando n'kuyamba kuganiza za anthu amene lamuloli limateteza. Tio Albano ali ndi zidzukulu. Momade wopakira ali ndi mkazi woyembekezera. Aliyense m'lole muja ali ndi wina womudikira pakhomo madzulo. Nanga ine? Odete anapita kalekale. Mwana wathu mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Beira, amaimba pa Khirisimasi. Imfa nditaisenza n'kupita nayo kwanga, ikapeza chitseko chokhoma, mpando umodzi ndi kapu imodzi, ikasowa woti imugwire. Mumtsinje wonse wa Raraga munthu amene akanatha kugwira jekete limenelo popanda kupweteka wina ndinali ine ndekha. Sindinaone ngati mwayi. Zinandiwawa kwambiri, kuposa mmene uthenga wa Lamlungu unandiwawira, chifukwa amene ankandichititsa kuiwala zimenezi ndi yemwe anali m'bokosiyo.

Ndinaika pulayala pansi n'kulichotsa jeketelo pamsomali ndi manja onse awiri. Linali lolemera ndi fumbi, lofunda ndi dzuwa, likununkha dizilo ndi fodya wake. Ndinaligoneka pamiyendo n'kutsegula zipi. Kachitsulo kaja kanali momwemo, kokulungidwa m'kansalu koyera pamodzi ndi bawuti yake. Munalinso mtedza wokazinga pang'ono.

"Wandipusitsa m'mawa wonse, galu iwe," ndinamuuza. "Ukanangondinong'oneza."

Kubwezera kachitsuloko sikunatenge nthawi. Ndinazula chitsononkho, n'kupukuta pabowo, n'kumanga bawuti, n'kulumikiza waya mpaka ndinamva kuti wagwira. Potuluka kunsiko ndinamva nyimbo chapatali, ikubwera ndi mphepo n'kumasowanso. Kumtunda kwa msewu kunali kutayamba kuoneka fumbi.

Ndinakwera, n'kutsegula kiyi theka, n'kudikira magetsi a pa mawotchi azime. Mabatire aja ndinali nditawakama m'mawa wonse, ndipo ndinkadziwa kuti atsala ndi mphamvu ya ulendo umodzi, mwina iwiri. Ndinapotola. Injini inazungulira molemera, ngati munthu wokoka thumba lonyowa, n'kutsala pang'ono kuima. Kamuvi kaja kanadumpha. Ndinagwiritsa kiyi osasiya, ndikutukwana ndi kupemphera nthawi imodzi, ndipo ku mpope kunatuluka utsi woyera, kenako wakuda bii, chikatapila chonse n'kugwedezeka. Apongozi anang'ung'udza kaye monga mwa masiku onse, kenako analira mpaka mbalame zinabalalika m'mabango.

Ine ndine makanika, kuyendetsa si ntchito yanga, koma ndinali nditamuonerera Gervásio zaka zokwanira. Pamene mphuno ya lole inkalowa pamlatho, ndinakweza mkono mpaka unawongoka. Lole inachepetsa liwiro, inkangokwawa. Ndinaona amuna akuimirira kumbuyo, akuvula zipewa. Nyimbo inaduka. Ndinayamba kutsitsa chidebe, dzanja lili pa chogwirira ngati ndagwira dzira, maso ali pa bokosi lokutidwa ndi nsalu lomwe linkadutsa pamwamba panga. Chinatsika, chinatsika, n'kukhudza mchenga osadzutsa ngakhale fumbi. Pamwamba pa phokoso lonse la injini ndinamva Dona Belmira akuitana dzina la mwamuna wake.

Lole inakaima kutsidya kwa mlatho. Ndinasiya injini ikulira chapansipansi, n'kukwera mtunda kupita kumsewu. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera, mwina ndinkangofuna kufika pafupi. Anthu ankalira, ena ankandikodola, ndipo Momade anawerama pa chitseko cha kumbuyo atatambasula dzanja.

"Mwatha ntchito, Mestre! Mdala ameneyu ndi mfiti, ndikukuuzani. Bwerani ndikukokeni!"

"Taima kaye, iwe," anatero Tio Albano. Anatsika m'lolemo n'kuima patali pang'ono, akundiyang'ana manja. "Mestre, mwaligwira?"

"Ndaligwira, Tio."

Dzanja la Momade linabwerera pang'onopang'ono, iye n'kuyang'ana kumbali. Mayi wina anakokera mwana wake kuchifuwa. Palibe amene anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Tio Albano anapukusa mutu, maso awo ali ofiira.

"Ndinakuuzani, bambo inu. Ndinakuuzani. Mwachita bwino chidebe chija. Sindinaonepo chotero. Koma mukudziwa nokha."

"Ndikudziwa."

"Mutidikire. Tikameta tibwera, ndidzakusambitsani ndi manja angawa. Musalowe m'nyumba ya munthu."

Ndinayang'ana m'lolemo. Bokosi linali pafupi kwambiri, moti ndikanatambasula mkono ndikanaligwira. Kumutu kwake kunali mpata wokwana munthu mmodzi, atayalapo kansalu. Dona Belmira anali tsidya lina la bokosilo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja mwakachetechete, kawiri, monga timachitira pothokoza wamkulu, n'kudzifunditsa nsalu kumaso.

Tio Albano anakwera, chitseko n'kutsekeka. Lole itagwedezeka ponyamuka, thumba la ufa lomwe linali m'mbali linayamba kupendama, ndipo munthu wina analikankhira pampata paja kuti lisagwe. Nyimbo inayambiranso asanafike pokhota. Ndinaima pakati pa msewu, manja ali lende kutali ndi thupi, mpaka fumbi lawo lonse linatera.